Kiyibodi Yachete Ija Ndinaithira Tiyi Ndine

Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi. Ndimasesa mu ofesi ina yokonza mapepala a malole kuboda ya Mchinji. Pondilemba ntchito anandiuza kuti mwana azitsala kunyumba. Atsale ndi ndani? Ndiye Chifundo wanga ndinkamugoneka m'katoni kuchipinda chosungira katundu, ine ndikusesa khutu lili komweko.

Inkandipulumutsa ndi kiyibodi ya kompyuta ya abwana, a Phiri, yamabatani ataliatali, yolira ngati matalala pamalata. Mwana akati ng'ee, iyo khwakhwakhwa, ine n'kupuma.

Kenako mlembi wathu, Mayi Mwale, anati phokosolo likuwapweteketsa mutu, nabweretsera abwana ina ya labala m'kati, yofewa ngati mkate. Mu ofesi monse zii! Tsiku limenelo ngakhale kuyamwa kwa mwana ndinkaona ngati kukumveka mpaka ku Chipata.

M'mawa mwake ndinaithira tiyi. Kapu yonse, dala.

"Yatani iyi?" abwana anafunsa.

"Denga likudontha, bwana."

Unali mwezi wa Okutobala. Anayang'ana kudenga, anayang'ana panja pomwe dzuwa linkaswa mtengo, kenako nyerere zomwe zinali zitandanda kale pamabatani. Ine ndinangoti basi, ntchito yatha.

"Denga lathu likudontha ndi shuga yemwe," anatero. "Amake Chifundo, kamutengeni mwanayo m'katonimo, zala zanga zatopa. Mumaganiza kuti akayamba kulira ndimakhala ndikulemba chiyani?"