Pomwe Pankagwira Dzanja la Atate

Lachiwiri ndinakokera galimoto ya malemu atate kwa a Mbewe, owotcherera zitsulo pa Boma. Ndi yamakedzana, ndipo chimwalirireni eni ake yakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Zingalume. Amayi analamula kuti munthu asaikhudze. Chaka chino afewa okha: miyendo yawathera, ndiye akufuna iziwanyamula popita kutchalitchi.

A Mbewe anagogoda nsanamira ziwiri zogwira galasi lakutsogolo. Yakumanzere inalira bwinobwino. Yakumanja, chala chawo chinangolowa.

"Dzimbiri ladya mpaka m'kati," anatero. "Apa n'podula basi. Mukasiya, tsiku lina denga lidzawakhalira pamutu amayi anu."



Malo amenewo ndimawadziwa. Atate poyendetsa ankatulutsa mkono pawindo, dzanja n'kugwira nsanamira imeneyo, akuimba nyimbo zakwaya ndi mawu oti ngakhale mbuzi zinkapatuka. Chikhatho chawo chinafufuta penti mpaka chitsulo kuonekera. Dzimbiri linalowera pomwepo. Ndikawasowa, ndinkapita kukaika dzanja langa pamenepo. Ndimawasowabe, ngakhale nane imvi zayamba.

Kodi ndife tokha? Lowani m'nyumba za kuno kwathu. Njinga ya malemu ili lende kudenga, matayala anauma kalekale, ana akuyenda wapansi mpaka ku Mlolo. Makina osokera anafunditsidwa chitenje, akangaude ndiwo akusoka. Timati ndi ulemu. Koma eni akewo ankadzuka m'mawa kuthira mafuta zinthu zimenezi. Atabwera lero, angatithokoze?

Ndinawauza a Mbewe kuti adule, koma andisungire kachidutswako ndikawapatse amayi. Anadula mosamala, bambo wachifundo. Atakaika m'manja mwanga, kanangofumbutuka ngati chigumu chouma. Ndinatsala ndi fumbi lofiira.

Madzi akatayika saoleka. Ndinakulunga fumbilo m'kapepala n'kupita nalo kumudzi.

Amayi anatsegula, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"N'chiyani ichi, mwanangu?"

"Ndi pomwe ankagwira atate paja."

Analikhudza ndi chala chimodzi.

"Tikadadula chaka chomwe anatisiya chija," anatero motsitsa mawu, "bwenzi ndili n'chogwira."

Inu amene mukusunga chinthu cha malemu pansi pa chitenje, munavundukula liti kuti muone ngati chikadalipo?