Mipata imene atsibweni anafufuta

Ndikukumbukira chisanu cha mu Juni chaka chimene ndinali sitandade sikisi, kwathu kufupi ndi Linthipe, pamene nkhungu inkatsika m'phiri n'kukhala m'madimba mpaka dzuwa litakwera. Panali patangopita zaka zochepa chibwerereni matipate, nthawi imene aliyense wokhala ndi pakamwa anasanduka katswiri. Katswiri wa banja lathu anali atsibweni anga, a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, kalaliki pa kampani ina yocheka matabwa ku Boma. Ku ofesi kwawo kunabwera kompyuta, ndipo kuyambira tsiku limenelo atsibweni anayamba kuyenda ndi disiketi m'thumba la malaya, mutu wake utatulukira kunja kuti aliyense auone. Ankapita nayo ngakhale kumaliro.

Bambo anga anali mkamwini m'mudzimo. Ankalima mbatatesi ndi kabichi m'dimba la amayi, ndipo Lamulungu ankayimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Chaka chimenecho anapeka nyimbo yoyamba ndi mawu akuti, "Mphepo ya m'phiri yandizizira, Ambuye ndifunditseni." Anaipekera mawu anga, ndipo akuluakulu a kwaya anavomera kuti woyitsogolera ndikhale ine, kamtsikana ka miyendo yotuwa. Ndinkayiyimba potunga madzi, posenda mbatatesi, ngakhale potsuka mbale.

Kenako kunamveka kuti ku Boma kudzakhala mpikisano wa makwaya, ndipo yopambana idzapita ku Lilongwe kukajambula kaseti. Ine ku Lilongwe ndinali ndisanafikeko. Minibasi ndinkangoziona zikudutsa pamsewu, ndipo maganizo oti mawu anga adzatuluka m'wayilesi ya pagolosale ankandichititsa chizungulire. Koma okonza mpikisanowo, anthu achitukuko, analamula kuti magitala asalowe m'holo. Anati kudzakhala kiyibodi imodzi ndi woyimba kiyibodiyo mmodzi wochokera ku Lilongwe, kuti pasakhale kukondera. Kwaya iliyonse ingobweretsa pepala la mawu a nyimbo ndi makodi ake, zilembo zouza woyimba pogwira zala, ndipo nthawi yoyeserera naye panalibe.

Bambo anang'amba pepala m'kope langa n'kulemba ndi pensulo. Pamwamba pa mzere uliwonse wa mawu anaika zilembo zinayi, G, C, D ndi G winanso, chilichonse pamutu penipeni pa liwu limene dzanja liyenera kusinthirapo. G woyamba anakhala pa "mphepo," C anakadikira kutali pa "yandizizira," ena awiriwo kumapeto. Pakati pa zilembozo panali mipata italiitali yopanda kanthu. Anandiuza kuti mipatayo ndi imene imauza woyimba kuti adikire.

Atsibweni ataona pepalalo analigwira ndi zala ziwiri ngati thewera.

"Alamu, ichi ndiye mupite nacho ku Boma? Mukufuna anthu azinena kuti kwathu kuno kulibe munthu wophunzira?"

Bambo anayankha kuti pepalalo linali lomveka bwino, koma anayankhira pansi. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo m'banja lathu mwini mbumba anali atsibweni. Loweruka lotsatira tinakwera minibasi tonse atatu.

Ofesi ija inkanunkhira utuchi wa paini, ndipo panja macheka ankalira osalekeza. Kompyuta inali itafunditsidwa nsalu yoluka ngati chikho cha Mgonero. Atsibweni anaivundukula mwaulemu, n'kundiopseza kuti ndikangoigwira ndilipira ndi mbuzi zonse za amayi. Analemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja, akusakasaka chilembo chilichonse. Bambo anaima kumbuyo kwawo chisoti chili m'manja, akuwongolera.

"Sunthani pang'ono, alamu. Pang'ononso. Eya, pomwepo."

Atsibweni ankamenya batani lalitali loikira mipata mokwiya, koma pofika masana chilembo chilichonse chinali pamalo pake. Ndinaona ndi maso angawa. Tsoka lake, pulinta inali itatsekeredwa mu ofesi ya bwana mpaka Lolemba. Atsibweni anati tisade nkhawa, adzasindikiza okha n'kukapereka okha kwa okonza mpikisano. Tinabwerera kumudzi tili osangalala, bambo atandigulira chimanga chootcha pasiteji. Sitinadziwe kuti tasiya nyimbo m'manja mwa munthu amene ngakhale kuwomba m'manja kutchalitchi ankaphonya.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza, mukununkha thukuta, mafuta odzola ndi majuzi onyowa ndi nkhungu. Ndinavala bulauzi yoyera yobwereka, manja ake atapindidwa kawiri. Wa kiyibodi anali mnyamata wa taye yofiira, wotafuna chingamu, amene sankayang'ana kwaya ngakhale kamodzi. Maso ake anali papepala basi. Makutu ayenera kuti anawaiwala ku Lilongwe.

Atatiitana ndinapita kutsogolo. Mnyamata uja anapereka kiyi, ine ndinakoka mpweya n'kuyamba. Ndisanamalize n'komwe liwu lakuti "mphepo," iye anali atathamanga makodi onse anayi, pambuyo pake n'kukhazikika pa lomaliza mpaka mzere kutha. Pa "yandizizira," pamene nyimbo imayenera kukwera, pansi panga panalibe chondinyamula. Mzere wachiwiri anachita chimodzimodzi. Ndinayesa kumuthamangira, ndinayesa kumudikira, koma paliponse ndinkaponda polakwika. Amayi a kwaya anatsata kiyibodi, abambo anakakamira nyimbo monga ankaidziwira, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati mbuzi zikukanirana pakhomo la khola. Kumbuyo kwa holo wina anaseka, ndipo kuseka kunafalikira. Nditacheuka ndinaona bambo pamzere wawo, zala zawo zikusintha makodi pa buluku, m'malo oyenera enieni, popanda womva. Pa ndime yachiwiri mawu anandithera. Ndinangoima pamenepo misozi ikutsikira pa bulauzi ya eni.

Zitatha, mmodzi wa oweruza, bambo wamimba wa magalasi, anakweza pepala lathu m'mwamba. Anati ngakhale kwaya ya ku Linthipe sinachite bwino, makwaya ena onse atengere chitsanzo pa pepala ili, chifukwa chitukuko ndi chimenechi. Anthu anawomba m'manja. Atsibweni anaimirira n'kuwerama mbali zonse.

Pepalalo tinaliona koyamba panja, pansi pa mtengo wa paini. Chikomekome cha mkuyu! M'mbali monse munali maluwa. Mutu wa nyimbo unali m'zilembo zopotanapotana ngati za pa khadi la ukwati, ndipo pansi panalembedwa dzina la atsibweni m'zilembo zazikulu kuposa dzina la Ambuye. Makodi onse anayi a mzere uliwonse anali ataunjikana kumayambiriro, pamutu pa liwu loyamba, mophatikizana ngati ana owotha moto.

"Munali mipata yambirimbiri yopanda ntchito," anatero atsibweni monyadira. "Lolemba ndinakhala pansi n'kuyeretsa zonse. Mwamva nokha zimene anena akuluakulu aja. Pepala lilibe mlandu. Vuto ndi mwanayu, wachita mantha. Ndinkadziwa ine kuti kamwana kotere sikangatsogolere nyimbo."

Anthu a kwaya anali atatizungulira, ndipo ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, poti zilembo za makodi sankazidziwa. Munthu mmodzi yekha pagulupo ankatha kuwerenga pepalalo. Bambo analitenga, analiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikuyenda pamzere woyamba kufunafuna C pamene anamusiya. Anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Ine ndinawagwira mkono wa jekete, kudikira kuti anene.

"Lakongoladi, alamu," anatero bambo, n'kubweza pepalalo.

M'minibasi pobwerera anandigulira nthochi, koma sindinadye. Lamulungu lotsatira akuluakulu a kwaya anandibwezera kumzere wakumbuyo, ndipo dzina lakuti Namantha linanditsatira mpaka ku sekondale. Atsibweni anaika pepala lija m'felemu n'kulipachika pabalaza pawo, pambali pa kalendala. Mlendo aliyense ankauzidwa nkhani ya tsiku limene oweruza a ku Boma anawatama, ndi ya kamwana kamene kanawononga zonse.

Lero zinthu zinasintha. Mwana wanga wamwamuna amayimba kiyibodi kutchalitchi kwathu kuno ku Lilongwe, ndipo makodi amawakonza pa laputopu. Pulogalamu yake imamangirira kodi iliyonse ku liwu lake, moti ngakhale usinthe zilembo kapena ukulitse pepala, kodiyo sichoka pamalo. Akafuna kukweza nyimbo kuti igwirizane ndi mawu a mwana, amangodina kamodzi. Atsibweni a masiku ano akanavutika kuti awononge, ngakhale ndikudziwa kuti mtundu wawo sutha, ndimakumana nawo m'makomiti. Nawonso akamwini a lero amayankha, ena mpaka kupitirira muyeso.

Mwana wangayo amandifunsa chifukwa chake ndimayimba bwino kukhitchini koma kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo. Ndimamuuza za atsibweni ndi maluwa awo, ndipo amaseka mpaka kugwira m'mimba. Za pansi pa mtengo wa paini sindimuuza, chifukwa agogo ake amawakumbukira ngati munthu wofatsa wa gitala. Atsibweni ndinawakhululukira kalekale, poti munthu wosadziwa kanthu sumusungira chakukhosi. Koma bambo ankadziwa.