Khutu la Chilombo

A Simbi anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu m'chipinda chochapira cha hotela ina, chapansi pomwe dzuwa silifika. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa nsalu ikadutsa m'manja mwawo inkatuluka yowongoka ngati pepala. Hotelayo itatsekedwa anagula makina akale osokera, n'kuwaika pakhonde, n'kumasoka zong'ambika ndi kusita zovala za anthu. Amuna awo anali atamwalira kale. A Simbi sankayankhula zambiri. Munthu akasiya buluku kuti asite, ankalipeza batani lolendewera litalimba, thumba lobooka litatsekedwa, popanda kuwauza.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi wojambula maukwati. Mkamwiniyo anali waulemu mpaka kutopetsa. Akalowa m'nyumba ankavula chipewa n'kukhala kumphepete kwa mpando ngati wadzafunsira ntchito. Koma m'mutu mwake munali filimu ya chilombo chotuluka m'ngalande za fakitale yosiyidwa n'kumadya alonda. Anasonkhanitsa anzake, n'kubwereka kamera yomwe mwini wake ankailola kutuluka Loweruka lokha. Bambo wina wogula mafilimu a pa TV analonjeza kudzaonera. "Ikandiopsa, ndigula," anatero.

Chilombocho anasoka ndi a Simbi: masaka asanu ndi limodzi, ubweya wa zingwe za mopu, mano odulidwa pachigubu choyera, makutu aatali a chikopa cha chikwama chakale. Wochivala anali makaniko wina wamtali.

"Amayi, muno mukutentha ngati mu injini," anadandaula poyesa.

"Imani mowongoka, ndingakubayeni," anatero a Simbi, mapini ali kukamwa.

Popeza ana awo ankakhala m'chipinda chimodzi, chilombo chinkasungidwa kwa a Simbi. Loweruka lachinayi chinabwera m'thumba chikununkha thukuta. Chinali matope okhaokha, ndi magazi opanga, utoto wofiira wosakaniza ndi shuga. Khutu lamanzere linali pansi pa thumba, lodukiratu. Pofika Lolemba nyerere zinali zitalambula msewu kuchoka pakhomo mpaka pathumbapo.

"Ana awa, kusasamala," anang'ung'udza.

Anachiviika m'bafa, anachikwecha ndi burashi, n'kuchiyanika kuseri kwa nyumba kuti anansi asakuwe. Chitauma anapesa ubweya, anasokerera khutu m'malo mwake, n'kusita miyendo monga asitira buluku.

Loweruka lotsatira linali lomaliza kujambula. Mkamwini anatsegula thumba, n'kungoima. Anayang'ana khutu, anayang'ana wotchi.

"Bwanji bambo, chalakwika?"

"Ayi amayi. Chayera ndithu. Zikomo."

"Lero ndipite nawo, ndikaone m'mene mumachitira?"

Mkamwini anatseka thumba lija. "Tiyeni, amayi."

Tsiku lonse a Simbi anakhala pabokosi pakona ya fakitale, singano ili pachifuwa. Kamera ikaima ankadzuka kukapukuta fumbi paphewa pa chilombo. Anaona kuti anyamata akunong'onezana, makaniko akuloza khutu, mkamwini akupukusa mutu. Iwo anayesa kuti ndi zantchito. Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Filimu inatuluka patapita miyezi iwiri, Lamlungu masana, m'holo ya sukulu yomwe mazenera ake anatchinga ndi mabulangete. A Simbi anavala diresi lawo la kumaukwati, n'kukhala mzere wachiwiri, kumbuyo kwenikweni kwa wogula mafilimu uja. Poyamba zinayenda. Dzanja laubweya litatuluka m'ngalande, mayi wina anakuwa n'kutaya chikwama. Wogula uja anasiya kuseweretsa foni. Kenaka mlonda wa m'filimu anasolola chikwanje, n'kudula khutu la chilombo. Magazi anathovoka. Chilombo chinabangula, n'kuthawira kuseri kwa chitseko chachitsulo.

Chinatulukira mbali ina chili ndi makutu awiri. Ubweya unali wopesedwa, wogona mbali imodzi. Pamwendo uliwonse panatsika mzere wowongoka wa simbi.

Kenaka wina kumbuyo anafuula: "Lameranso!"

"Chasamba, anthuni!"

"Chikupita kukapereka mkwatibwi ichi!"

Phwete linayambira kumbuyo n'kufika kutsogolo. Kuchokera apo, chilombo chikangoonekera anthu ankaomba m'manja. Chikudya mlonda womaliza, wina anachichenjeza kuti chisadetse malaya. Mapewa a wogula uja ankagwedera pamaso pa a Simbi, akupukuta misozi ndi mpango. A Simbi anazindikira msoko wawo pakhutupo, waukulu ngati chitseko pachinsalu. Anaweramitsa mutu, n'kuyang'ana nsapato zawo mpaka magetsi anayaka.

Wogulayo anasisita mkamwini paphewa. "Mphwanga, ndaseka. Koma ine ndimafuna yoopsa. Ukadzapanga ina, udzandipeze."

Anthu atatuluka, mkamwini anayamba kusanjikiza mipando. Mkazi wake ankapinda mabulangete osayang'ana munthu. A Simbi anaima pafupi nthawi yaitali, chikwama atachifumbata ndi manja onse.

"Bambo, ndine ndinachapa."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndi khutu lomwe."

"Ndinaona tsiku lomwelo. Ife timajambula modumphadumpha, ndiye chilombo chimayenera kukhala monga tinachisiyira Loweruka lapitalo. Sindinakuuzeni, kulakwa n'kwanga."

"Nanga osadulanso bwanji? Mpeni munalibe?"

Mkamwini anatembenuza chipewa m'manja. "Unali m'thumba. Koma inu munali pabokosi paja. Ndikanadula bwanji ntchito yanu mukuona? Ndinati mwina mumdima sizioneka."

Mawu amenewa anawatentha kuposa kuseka kwa holo yonse. Anakumbukira m'mene ankadzukira pabokosi kukapukuta fumbi, anyamata onse aja akudziwa, onse ali chete chifukwa cha iwo.

"Amayi, tiyeni kunyumba," anatero mwana wawo chapansipansi.

"Mukanandikalipira, bambo. Ndine munthu, ndimamva."

"Sindikanatha, amayi."

Filimu sinafike pa TV. Inayenda m'mafoni a anthu, kachidutswa ka chitseko kaja kokha, ndipo mkamwini anabwerera kumaukwati. Sanatchulepo nkhaniyi. Akabwera amavulabe chipewa, ndipo a Simbi amam'patsa tiyi maso ali pa kapu. Kwa miyezi ingapo ankapita kumsika molambalala, kupewa msewu wa galaja ya makaniko, yemwe ankawapatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso.

Pakhonde makina akuliralirabe. Koma tsopano munthu akasiya chovala, a Simbi amachitembenuza kaye iye asanachoke, n'kuloza ndi chala pong'ambika paliponse.

"Apa ndisoke, kapena ndisiye?"

Ambiri amadabwa. Mtsikana wina wa jinzi long'ambika m'mawondo anayankha msanga kuti asiye, analigula lili choncho. A Simbi analisita mozungulira mabowo, n'kulipachika, ulusi ukulendewera.