Moni Muike Kumapeto

Lero sindikupatsani moni. Kwiyani ndithu, koma imvani kaye chifukwa chake.

Loweruka lililonse masana ndimaphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china ku Biwi. Si ongoyamba kumene ayi. Chingerezi amachimva, amachilankhula, ena amatukwana nacho bwinobwino. Chimene chimawagwetsa ndi kulemba ndime.

Mmodzi mwa iwo ndi Mayi Nachisale, a ku Ntcheu koma okhala ku Chinsapo. Amakolopa pa kachipatala kena kosakhala ka boma. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, wolandira odwala akangochoka pa desiki, ndi iwo amene amatsamiritsa chikolopa kukhoma n'kuyamba kulemba maina ndi kufufuza mafayilo. Malo a pa desikipo atapezeka ulendo woyamba, iwo analemba kalata, koma ntchito inapita kwa mtsikana wina. Womuphunzitsa ntchito mtsikanayo? Iwo omwewo. Pano mtsikana uja wachoka, ndipo abwana akufuna tsamba limodzi la Chingerezi lofotokoza chifukwa chake munthu akuyenera malowo. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu likudzali.

Ndinawapatsa mphindi makumi awiri kuti alembe ndime yoyamba yokha.

Analemba ndi mphamvu zonse, osadzutsa mutu. Pepala nditalilandira ndinapeza Chingerezi chooneka bwino zedi. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu powasunga ndi moyo kufikira lero. Kenako anafunsa ngati abwana ali bwino pamodzi ndi banja lonse. Iwonso ali bwino, kupatula kachifuwa. Anabadwira ku Ntcheu, m'banja la ana asanu ndi awiri. Atakwatiwa anakwera basi kubwera ku Lilongwe. Nthawi inatha basi ili pa Dedza.

"Mayi, nanga ntchito ija ili pati?"

"Ndimafikatu, aphunzitsi. Mwandidula ndinu."

"Mfundo yanu ikhale m'chiganizo choyamba. Ndi chija ndimati *topic sentence*. Zinazo zibwere pambuyo kudzachichirikiza."

"Iii! Ndingotulukira kwa abwana n'kunena kuti ndipatseni ntchito? Popanda malonje? Ngati ndinakulira kutchire? Ineyo anandilera anthu, aphunzitsi."

Kalasi yonse inagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndi amene ndinasanduka wosaleredwa.

Ndipo sananametu. Kwathu kuno mlendo sayamba ndi chimene wadzera. Amakhala pansi, amapereka malonje: momwe wadzukira, amene wawasiya kunyumba, matope a m'njira. Chimene wadzera chimatuluka akumuperekeza, pafupi ndi siteji ya minibasi. Ndi mwambo wokoma pakhonde. Vuto ndi lakuti ife tinaunyamula n'kuuika papepala, pamene wowerenga alibe mkeka woti akuyalireni.

Musawaseke mayiwa, tonse ndife Anachisale. Munapitapo ku msonkhano wa vuto la madzi m'dera lanu? Wolankhula amaimirira n'kulonjeza kuti sataya nthawi. Mukamva mawu amenewo, funani pokhala pa mthunzi. Alemekeza apampando, achiwiri awo, amene anabwereketsa mipando, ngakhale amene sanabwere. Pofika pa nkhani ya madzi, amayi abalalika kale kukaima pamzere wa madzi omwewo. Ndipo timatuluka tikuyamikira kuti bambo aja amatha kulankhula. Anena chiyani? Aaa, zambiri.

Ife aphunzitsi ndiye akatswiri. M'malo mophunzitsa mwana kunena chimene akuganiza, tinamulowezetsa pamtima mawu onenepa. *First and foremost*. *In a nutshell*. Mwana amalemba tsamba lathunthu lovala suti koma m'kati mulibe munthu, ife n'kuchonga ndi bolopeni yofiira, mtima uli mbee. Akalephera timati ana a masiku ano sawerenga.

Nanga abwana aja? Mukuganiza kuti amafika pa Dedza? Ali ndi mulu wa makalata ndi foni yolira. Amawerenga mizere itatu, akaona kachifuwa amatenga kalata ina.

Apa nthabwala zinandithera. Zinandiwawa kuona mayi wodziwa ntchito kuposa onse amene adzalembere, atagwira chikolopa zaka zonsezi chifukwa cha ulemu. Ndinakwiya, osati ndi iwo, koma ndi ife amene sitinawauze kuti pepala si khonde.

Ndinayesa njira ina. "Mayi, nyumba ya aneba anu itayaka, mungapite bwanji kukauza anthu? Mungagogode, n'kudikira mpando, n'kufunsa za ana?"

Anaseka. "Inunso aphunzitsi! Ndingakuwe kuti moto!"

"Kenako?"

"Ndinene kwa ndani. Kenako kuti m'nyumbamo muli ana, bwerani ndi ndowa."

"Basitu, ndime ndi imeneyo. Kuwani moto kaye. Kwa ndani, wayamba bwanji, tichite chiyani, zonsezo zitsatire. Ndipo ndime imodzi, moto umodzi. Wa kwa aneba ena udikire ndime yake."

Anatenganso bolopeni yawo. Kenako anatembenuza pepala, n'kulemba mzere umodzi, n'kundikankhira ngati munthu wopereka chinthu choba. Unali wotere: *I have done this job for six years with a mop in my other hand.* Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zisanu ndi chimodzi, dzanja lina lili ndi chikolopa.

Ndinawerengera kalasi mokweza. Palibe anaseka. Bambo wina woyendetsa kabaza wa ku Kawale anangoti, "Eeh, awa apatsidwe basi."

Mayi Nachisale sanasangalale kwenikweni. Anafunsa motsitsa mawu, "Koma sakanena kuti ndine wamwano?"

"Kalata yoyamba ija inali yaulemu. Inakupatsani chiyani?"

Anawerenganso mzere wawo uja. Kenako anati, "Nanga moni ndimuike pati? Kungomutaya ayi."

Tinagwirizana kuti apite kumapeto, mzere umodzi, popanda kachifuwa.

Sindikudziwa ngati ntchito aipeza. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachisanu abwana akatsegula kalata ija, akakumana ndi Mayi Nachisale pa mzere woyamba, osati ndi basi yochokera ku Ntcheu. Nanga inu, ndi zingati zimene zakudutsani mukadali pa Dedza, mukupereka malonje kwa munthu amene anasiya kale kumvetsera?

Ndanena chimene ndadzera. Tsopano, mwadzuka bwanji?