Ndinabisa Mbuzi M'khitchini ya Mkazi Wanga

Inu owerenga, ine ndinapulumutsa mbuzi zanga kwa fisi, koma mwana wanga woyamba sindinamuone nkhope. Ndine mlimi wa ku Mnkhanya, ndipo zimene ndinachitazi anthu ambiri kwathu kuno akuzichitabe.

Kuno ng'ombe sizikhalitsa chifukwa cha ntchentche zoluma za kashembe, ndiye chuma chathu ndi mbuzi. Tsoka lake tinayandikana ndi paki, ndipo nyama zam'menemo sizidziwa malire. Kupha simungaphe, masikauti olondera nyamazo ali pomwepo. Chaka chimenecho fisi anaboola khola langa n'kutenga mbuzi yaikulu ya bere. Nthawi imeneyo n'kuti mkazi wanga ali ndi pakati, titadikira zaka zambiri mpaka abale anga anali atayamba kumulankhulira m'mbali.

Ine ndikatsimikiza chinthu sindimva za munthu. Ndinatenga mbuzi zonse za bere n'kuzisunga m'khitchini, momwe munali chitseko cholimba. Sipanapite nthawi, zinayamba kupoloza, iyi lero, inzake mkuja. Tiana takufato ndi zotsalira zake ndinakana kuti zikatayidwe kutchire, ndinati fungo lake litiitanira fisi. Ndinakumba kadzenje pakona m'khitchini momwemo n'kukwirira, pamene panagwera magazi n'kuwazapo phulusa. Ndinkadziona wanzeru kwabasi.

Munali m'chilimwe, pansi pali gwa, fumbi lokhalokha. Wosesa m'khitchinimo m'mawa uliwonse anali mkazi wanga, chowerama, chitseko chotseka kuti mbuzi zisatuluke. Tsiku lina anandiuza kuti, “Bambo, fungo ili likundizunguza mutu, chotsaniko mbuzi zanuzi.” Ndinamuseka. Ndinati amayi oyembekezera amanyansidwa ndi chilichonse, ngakhale sopo.

Woyamba kudwala ndinali ine. Thupi linkatentha, mutu ngati akuuwaza ndi nkhwangwa. Kuchipatala anapima magazi koma malungo sanawapeze, ndipo ndinachira ndekha. Atadwala mkazi wanga, ine ndi udokotala wanga wa m'mutu ndinati ndi zomwe zija, zitha zokha. Pamene ndinkamukweza panjinga kupita naye kuchipatala n'kuti atayamba kale kutaya magazi. Anapita padera tsiku lomwelo.

Dokotala amene anamuthandiza anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti, “Muli na mbuzi kunyumba? Zinapolozako?” Ndinavomera. Magazi athu anawatumiza kutali, ndipo yankho litabwera anati ndi matenda otchedwa Q fever. Tizilombo take timakhala m'madzi a m'chiberekero, magazi ndi zotsalira za mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe ikabereka kapena kupoloza. Zikauma timauluka ndi fumbi, munthu n'kutipuma. Anandiuzanso kuti alimi ambiri oweta ziweto anadwalapo matendawa osadziwa, chifukwa amafanana ndi malungo, ndipo ena samva n'komwe kanthu. Koma kwa mayi woyembekezera amatha kuchotsa pathupi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mankhwala ake analipo, ndikanangomutengera kuchipatala msanga.

Ndiye inu alimi anzanga, fisi akakuvutitsani limbitsani khola, musalowetse mbuzi momwe anthu amaphikira kapena kugona. Mbuzi ikapoloza musagwire ndi manja okha, kakwirireni zonsezo mozama kutali ndi nyumba, mukatero sambani ndi sopo. Mayi woyembekezera asayandikire khola, asasese ndowe. Thupi likatentha malungo osapezeka, uzani adokotala kuti mumaweta ziweto. Ndipo mkazi wanu akadandaula, mverani.

Mbuzi zija zinaswana, khola ladzaza, odutsa amanditama kuti ndimadziwa kuweta. Mwana tilibebe. Mkazi wanga sanandinenerepo liwu loipa ngakhale limodzi. Kungoti m'khitchini muja sanalowemonso. Amaphikira panja ngakhale mvula ikugwa, ndipo ine ndilibe pakamwa pomuuzira kuti alowe.