Chaka chimene Anti Nohea anavekedwa nsalu

Anti Nohea ankayendetsa basi ya ana asukulu mumzinda wa Hilo, ndipo gule wa hula anayamba kuphunzira ali ndi zidzukulu kale. Ife tinawapeza m'gulu la ovina. Ndi iwo ankatiwongola zigongono, kutilukira nkhata za masamba ndi kutikalipira tikaponda molakwa. Pakamwa pawo panali polasa ndithu.

Koma nyengo ya uniki, mwambo wotulutsa omaliza maphunziro, ikafika, mphunzitsi wathu Kumu Hiilei ankawalumpha. Atsikana omwe Anti anawaphunzitsa kugwedeza chiuno ankatuluka, iwo ali kuseri akukandira alendo poi, chakudya chonga nsima. Zitachitika kangapo, analimba mtima n'kufunsa.

"Kumu, ine ndalakwanji?"

"Iwe Nohea umavina ngati ukuyang'ana ana pagalasi la basi," anatero mayi wokalambayo. "Maso ako amakhala pa mapazi a anzako. Iweyo sindinakuonepo."

Anti anapita kwawo atakwiya, koma sabata yotsatira anabwera, n'kukaima kutsogolo, komwe sangaone munthu. Anatseka pakamwa. Tinkaona khosi lawo likulimba wina akaphonya, koma osatembenuka. Patapita zaka, Kumu anatchula dzina lawo pakati pa omaliza maphunziro.

Womaliza aliyense amasema yekha ng'oma yake. Anti anasema yawo pa thunthu la kokonati mpaka manja kutuluka matuza. Inalinso nyengo yodika, ndiye amuna awo, a Makoa, sankasowa chonena.

"Mayi, chipikachi mukuchisisita kuposa ine. Kudikaku kutha liti?"

"Kafunseni Kumu, ngati muli mwamuna."

Sanapite.

Tsiku la uniki omalizawo anasamba m'nyanja kusanache bwino, kenako anadya chakudya cha mwambo, nkhumba ndi nsomba, osasiya kanthu m'mbale. Masana abale anadzaza bwalo. Gule ali mkati, Lehiwa, mtsikana wovina pambali pa Anti, anatembenukira kolakwika, chovala chake cha masamba n'kuwakwapula pamwendo. Tonse tinapuma m'mwamba. Anti sanaphethire n'komwe. Manja awo anapitiriza kutsitsa mvula yotchulidwa m'nyimbo kuchokera kuphiri, nkhope ili phee, ndipo Lehiwa anatsata mapazi awo mpaka anabwerera m'mzere. Ine ndinali nditavina nawo nthawi yonseyi, koma ndinali ndisanadziwe kuti amavina mokongola chonchi.

Kumu anamanga Anti nsalu ya omaliza paphewa, n'kugunditsa mphuno yawo pa ya Antiwo. Misozi inatsika, Anti osaipukuta.

Lero amaphunzitsa m'galaja ya kunyumba kwawo Loweruka lililonse. Amalandira amene ena amati achedwa: amayi opuma pantchito, abambo okonza misewu, wina woyenda ndi ndodo. Bondo likawavuta amakhala pamkeka n'kumaimba ng'oma, gule osaima.