Tsiku Limene Ndinatsitsa Manja

Chinali chidutswa cha patapata wobiriwira. Malume anachidula ndi mpeni, n'kuchiviika m'madzi otentha, n'kundiuza kuti ndilume. Ati chiziteteza mano. Chinkanunkha phazi la munthu, koma ine ndinkayenda nacho m'thumba la malaya ngakhale popita kutchalitchi.

Ndinali Fomu 2 chaka chimenecho, koma thupi linali la bambo wa ana atatu. Matabwa ndi amene anandikulitsa, poti Loweruka ndinkawasenza kuchokera kuphiri mpaka kwathu ku Zakazaka. Aphunzitsi ankanditchula Chigayo, ati ndinkangodya osakhoza kanthu. Malume okha ndi amene anaona ntchito ya thupi limeneli. "Iwe ndi wa nkhonya," ankatero, "za sukuluzi usiyire anzako owonda."

M'nyengo yozizira kunabwera katswiri wa nkhonya wa ku Blantyre, kudzakonzekera mpikisano wake pamwamba pa phiri la Zomba. Anali wachikulire ndithu, imvi zitayamba m'ndevu, mphuno yophwatalala. Ankafuna munthu wolemera thupi ngati iyeyo woti aziyeserera naye, ndipo m'tauni monse sanapezeke wina koma ine. Malume anandinong'oneza kuti ndikamusangalatsa anditenga ku Blantyre kukandiphunzitsa. Basi, tulo tinatha. Ku Blantyre ndinali ndisanapondeko.

Zingwe za bwalo la nkhonya ankazimanga pa mitengo ya paini. Belu linali rimu ya galimoto. Chifunga chinkatinyowetsa thukuta lisanatuluke n'komwe, ndipo magolovesi obwereka ankazizira m'manja ngati nsomba. Masabata onse aja ine ndinkangomenyedwa. Katswiriyo ankandimenya mosapupuluma, m'nthiti, m'mapewa, uku akucheza ndi anthu ake. Lero ndikudziwa kuti ndinali thumba la mchenga loyenda lokha. Nthawi imeneyo ndinkati ndikuphunzira.

Amayi sankafuna kumva za nkhonya. Ankandithowa nthiti ndi madzi otentha uku akulalata. Mawu awo anali omwewo kuyambira ndili wamng'ono: "Wamkulu usamamukwezere dzanja. Ukamulakwira, tsitsa manja upepese."

Tsiku lija kunadzaza anthu, ocheka matabwa, azimayi ogulitsa mabulosi, ndi ana a ku yunivesite mafoni ali m'mwamba. Katswiri uja ankandiseweretsa, akutulutsa chibwano dala kuti anthu aseke. Ine ndinangoponya dzanja lamanja, osaganiza n'komwe. Phu! Chimunthu chonse chija chinakhala pansi, miyendo tambalale. Kenako wina anaseka, ena n'kulandira.

Anadzuka pang'onopang'ono. Ine mantha, abale! Ndagwetsa munthu wa msinkhu wa bambo anga pamaso pa anthu, ndipo ulendo wa ku Blantyre wafera pompa. Ndinachita zomwe ndinaleredwa nazo. Ndinatsitsa manja, n'kuwaphatikiza, n'kuwerama pang'ono.

"Pepani, bambo."

Anthu anafa nazo kuseka. Iye sanaseke. Chibakera choyamba chinatera pakhutu lakumanzere, ndipo ndinamva ngati m'mutu mwaphulika chubu cha njinga. Chachiwiri sindichikumbuka. Akuti ndili chigonere anandiwonjezeranso, malume ali chiimire, manja m'thumba. Ndinatsitsimuka ndikulavula magazi, anthu akuyasama ngati akuyankhula koma mawu akumvekera patali. Khutu limenelo silinamvenso mpaka lero. Mkazi wanga amadziwa mbali yoti akhale akafuna kundiuza nkhani.

Potsika phiri malume sanandigwire ngakhale mkono. Ankayenda patsogolo, ine ndikudzandira m'mbuyo. Titafika pa msewu wa tala anatembenuka n'kunena kuti, "Chitsiru iwe. M'zingwe mulibe bambo." Kunyumba anauza amayi kuti ndagwa ndi matabwa.

Ndakula tsopano, ndipo ndimamvetsa. Kugwa kokhako katswiri uja akanakumeza, ankhonya amagwa n'kudzuka. Chimene chinamukanika ndi kumveredwa chisoni ndi mwana wa sukulu, anthu akujambula. Kumvetsako ndimamvetsa, koma sindinamukhululukire, ndipo sindikufuna n'komwe.

Koma ndili mnyamata zimenezi sindinkazidziwa. Ine ndinkaganiza kuti phokoso la anthu ndi limene linachititsa kuti mkuluyo asandimve bwino. M'mawa mwake ndinazemba amayi, thonje lili kukhutu, n'kukweranso phiri kuti ndikapepese mokweza.